Wopukusa Galamafoni

Bambo amene ndayandikana nawo nyumba kuno ku Nsipe ali ndi akodiyoni yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndili mtsikana. Amaipukuta Loweruka lililonse. Pa ukwati wanga ndi malemu amuna anga ndiwo anaimba, koma lero achinyamata akufuna jaivi ya m'galamafoni. Iwo amangoti, "Nyimbo za masiku ano zikuthamangira kuti?"

Pa ukwati wa Zelesi, mdzukulu wawo, bambowo anafika atakulunga akodiyoniyo m'bulangeti. Mkwati anati, "Agogo, ingotipukusirani galamafoniyi."

Anapukusa kamodzi n'kukhala pansi. Mphamvu itayamba kutha, nyimbo inayamba kukokeka pang'onopang'ono. Ovina anakuwa, "Pukusani, agogo!"

"Dikirani, ana inu," anatero akumasula bulangeti lija. "Tsopano ikuyenda mwa msinkhu wanga. Ndiitsatire."