Buku m'belo la fodya

Makuponi a feteleza atatilumpha kumudzi kwathu, bambo anatitengera ku Chulu kukalowa utenanti pa esiteti ya fodya. Kusukulu ya kumeneko ndinabwereka buku la zithunzi lonena za mbusa wa mpingo wakale amene anaukira eni minda. Patsamba lina anajambulapo nyumba ya bwana ikuyaka moto.

Tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa, bukulo lili chotsegula pambali panga, kapitawo anatulukira. Mayi sankadziwa kuwerenga, koma tanthauzo la chithunzicho analidziwa. Analitsomphola n'kulibisa m'kati mwa mulu wa fodya. Kapitawo sanachoke mpaka anyamata atathira mulu wonsewo m'jeke, makina odindira fodya, n'kusoka belo.

Tonse tinkadziwa kuti belo likapezeka ndi chinyalala kuokushoni limabwezedwa, ndipo tenanti wake amathamangitsidwa. Galimoto ikangolira kumsewu, bambo ankaima chilili, khasu lili m'manja. Mayi anamangiratu mapoto m'chitenje.

Belo lija silinabwerere. Mtima utakhala pansi, ndinafunsa mayi kuti kaya mbusayo anathera kuti, poti bukulo sindinalimalize.

"Khala chete, mwanangu," anatero mayi. "Waona wekha mmene watisautsira ali papepala chabe."