Makina a Anthu Awiri

Pa msewu waukulu wa Katete panalibe munthu wondiposa kunenerera. Funsani aliyense amene anagulitsako kanthu pamsika uja zaka zimenezo. Eni masitolo akandiona ndikulowa ankayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Mmodzi, Msilamu wobadwira ku Malawi, ankangoti, "Amdala, tengani muzipita, musandidwalitse mutu." Ndinagulapo njinga pa mtengo wa matayala ake, mwiniwake n'kundithokoza. Ndinkati woti andigonjetse pa malonda sanabadwe, ndipo amayi ake sanakwatiwe.

Mwana ndinali naye mmodzi, wamwamuna. Amayi ake atamwalira, m'nyumba tinatsala ine ndi mipando. Iye ankagwira ntchito kumigodi, ku Kitwe, osati pansi pa nthaka koma mu ofesi yozizira, kumene ankadyetsa makadi obowola kuchimakina chotchedwa kompyuta. Anali wotero kuyambira kale. Galimoto ya kanema ikabwera kudzaonetsa pabwalo la sukulu, tonse tinkayang'ana kunsalu, iye yekha atatifulatira, maso ali pa chimene chikuzunguza filimu.

Akabwera kudzandiona ankagona kamodzi n'kubwerera. Sikuti tinkadana, nkhani zinkangotithera. Ndikamuuza za mtengo wa thonje, iye "oho." Akandiuza za makina ake, ine "oho." Ma-oho akatha, basi ya ku Lusaka yafika. Ndiye ndinkafunafuna kanthu koti kamugwire mwendo, agoneko masiku angapo.

Kanthuko kanabwera pa lole yopita ku Malawi. Dalaivala wake anaima pamsewu kuti injini izizire, n'kutulutsa kabokosi kophwatalala, kokhala ndi zogwirira ziwiri pa zingwe. Chilichonse chinali ndi kopotokola ngati kokwezera mawu pa wailesi. Anati ukakalumikiza ku wailesi yakanema, pagalasi pamabwera mpira woti uzimenya. Wailesi yakanema ndinali nayo, yoyendera batire ya galimoto, koma zithunzi kwathu sizinkafika, inkangoonetsa mchenga. Ndinaifunditsa nsalu, ndipo alendo ankaipatsa ulemu.

"Mbuzi ndi thumba la nsawa," anatero dalaivala.

"Mbuzi? Kodi kabokosika kamabereka?"

"Amdala, aka ku Lusaka mabwana amachita kulimbirana."

"Nanga mwadutsa nako bwanji pa Lusaka?"

Anaseka, koma pa mbuzi sanasunthe. Ndinachita ngati ndikupita, ndinakafika pamtengo wa mango, iye osandiitana. Ndinabwerera, n'kuloza chogwirira chachiwiri.

"Ichi ndi sipeya. Chotsani, mbuzi itsale kwa ine."

"Si sipeya ayi. Masewerawa ndi a anthu awiri."

"Nsolo nayo ndi ya anthu awiri, koma sitikumba maenje kawiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anazula chingwe, n'kuponya chogwiriracho pampando wa lole. "Mwawina, amdala." Ndinabwerera kunyumba kabokosi kali kukhwapa, ndikupereka moni ngakhale kwa anthu amene sindinkayankhulana nawo.

Mwana wanga anafika m'nyengo ya mwambo wa Kulamba, tawuni itadzaza anthu opita ku Mkaika. Atatha kudya chamasana ndinavundukula nsalu ija, n'kuika kabokosi pathebulo osanena kanthu. Nkhope imene anaonetsa ndinali nditaiiwala. Anagwada pansi ndi buluku lake la ku ofesi, analumikiza zingwe, anapotokola apa ndi apo, mchenga uja n'kuchoka. Pagalasi panabwera timitengo tiwiri toyera, kena kumanzere kena kumanja, ndi kadontho koyendayenda pakati, kakulira "pi, pi."

"Atate, mwakapeza kuti aka?"

Anayamba kuyankhula. Anati m'kabokosimo muli kamdzukulu ka chimakina cha kuntchito kwake, ndipo kunja kuli anthu amene ntchito yawo ndi kupanga masewera otere, amalipidwa, ali ndi mabanja. Anati tsiku lina kanema ndi masewera zidzakhala chinthu chimodzi. Zambiri sindinazimve, koma ndinkafunsa, iye n'kumayankha, mpaka tiyi anazizira m'makapu.

"Tiyeni tiyese," anatero. "Chinzake chili kuti?"

"Chinzake cha chiyani?"

"Chogwirira. Inu chanu, ine changa."

Ndinamufotokozera za dalaivala, za mbuzi, za nsolo. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anandipatsa chogwirira chija kuti ndione ndekha. Ndikapotokola, kamtengo kanga kankakwera n'kutsika, kumenya kadontho. Kamtengo kachiwiri kankangoima ngati mlonda wogona choimirira, kadontho n'kumadutsa, manambala n'kumakwera mbali yanga.

"Mukugonjetsa munthu amene palibe, atate."

Atapukuta misozi anati chogwirira china chikhoza kupangidwa, bola titapeza kopotokola ka wailesi yakufa ndi mtovu wowotcherera. Ku Sinda kunali wokonza mawailesi amene anali ndi mulu wa zakufa kuseri kwa shopu yake.

"Ndiye mawa tipite ku Sinda," ndinatero. "Mkuja upange. Tikatero tikaonere gule ku Mkaika, n'kudzasewera bwinobwino."

Iye anali atatembenuza kabokosi, akuwerenga timalemba ta m'mbali. "Dikirani, musavutike," anatero, n'kukankha kabatani kamene ine sindinakaone. Kamtengo kachiwiri kanazimirira. Pamalo pake panabwera mzere woyera, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Awa ndi a munthu mmodzi. Mukamenya, khomalo likubwezerani. Apa sipafunikanso munthu wina, atate."

Ananena mokondwa, ngati wandizula minga kuphazi. Ine ndinamenya kadontho, khoma linabweza. Ndinamenyanso, linabwezanso.

Ndinayamba kunenerera, poti ndiyo ntchito imene ndimaidziwa.

"Ugone masiku atatu."

"Ntchito, atate. Makina aja sadikira."

"Awiri."

"Ndidzabwera pa Khirisimasi."

"Limodzi lokha, la mbasela."

Anaseka, ankayesa ndikuchita nthabwala zanga za kumsika. Pa malonda chida chachikulu ndi kutembenuka n'kumapita, winayo akuitane. Koma apa wokhala ndi tikiti ya basi anali iye. M'mawa ndinamunyamulira chikwama mpaka pa siteji, ndipo basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo kundikumbutsa kuti ndizichotsa chingwe cha batire ndikamaliza.

Ku Sinda ndinapitabe ndekha. Ndinagula wailesi yakufa pa mtengo woyamba umene mwiniwake anatchula. Anandifunsa ngati ndikudwala. Pa Khirisimasi mwana uja anabweradi, koma mtovu tinalibe, ndipo anagona kamodzi. Patapita nthawi anapita kunja kwa nyanja kukaphunzira mmene angaphunzitsire makina kusewera ndi munthu. Anthu akandifunsa ndinkati ntchito imeneyo anaiyambira m'nyumba mwanga, ndipo sindinkanama.

Zaka zimenezo, msika ukaphwa masana, ndinkabwera kunyumba, kulumikiza batire, n'kukhala pamaso pa galasi. Ndinafika pokhala katswiri, dzanja linkadziwa kumene kadontho kakupita kasanatembenuke. Khoma silinkaphonya, silinkatopa, silinkandinyoza ndikalephera. Ine ndikaphonya ndinkatukwana. Ndikamenya bwino ndinkatembenuka kuti wina aone, kenako n'kubwezera maso pagalasi, kadontho katadutsa kale. Batire ikafooka chithunzi chinkayamba kuchepa, timasewera tathu n'kuthera pomwepo popanda wonena kuti zikomo. Inu amene mukuwerenga, tandiuzani: masana onse aja, ankapambana ndani, ine kapena khoma?