Amayi Atasiya Shuga

Kwathu ku Mangochi ankandiseka kuti ndinapita kukoleji kukaphunzira kuphikira makoswe tiyi. Sankanama kwenikweni. Ku labotale kumene ndinkagwira ntchito tinkaweta makoswe oyera, ndipo aliyense tinkamuikira mabotolo awiri, lina la madzi wamba, lina la madzi a shuga. Khoswe wabwinobwino amakakamira la shuga ngati mwana. Koma amene wazunzika nthawi yaitali amangomwa lililonse. Lilime lake limakhala lilibe vuto, chimene chimazima ndi chikhumbo. Ine ntchito yanga inali kuyeza madzi otsala m'mabotolomo.

Bambo atamwalira, amayi anabindikira m'nyumba pa eda, monga amachitira akazi amasiye achisilamu. Eda itatha ndinapita kukawaona, ndipo achimwene anandilandira ndi nkhani imene iwo ankati ndi yabwino. Akuti amayi asiya shuga poopa matenda a shuga, moti anzawo a kumzikiti akuwatama kuti ndi ochenjera.

Amayi ake ati? Omwe aja ankathira shuga mu tiyi mpaka ife kubisa paketi? Ine ayi, sindinavomere. Ndinawagulira zitumbuwa za nthochi, anagawira adzukulu. Ndinawaotchera chambo, anangotsinako pang'ono n'kukankha mbale. Ndinafunsa achimwene ngati chambo nachonso chayamba kukhala ndi shuga.

Titatsala awiri pakhonde ndinawafunsa amayi ngati akuopadi matendawo.

"Matenda anji, mwanangu," anatero. "Kungoti palibe chikundikoma. Ngakhale mdzukulu akandikhala pamiyendo, ndimangomva kulemera basi."

Ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti tikangokhala chete tiwataya akuyenda. Ndinauza achimwene kuti mawa ndikupita nawo kuchipatala kukaonana ndi a matenda a maganizo. Eee, unali moto! Anati amayi si khoswe wanga, si amisala, ndi chisoni chabe ndipo Mulungu adzachichotsa pa nthawi yake. Ndinawayankha kuti nawonso malungo Mulungu ndiye amachiritsa, koma iwo akadwala sachedwa kukwera kabaza. Sanandiyankhulenso mpaka ndinabwerera kuntchito, ine osadandaula.

Kuchipatala amayi anawayeza shuga, analibe. Namwino wina anacheza nawo m'Chiyao kwa nthawi ndithu, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Zinatenga nthawi, ndipo masiku ena ndinkaimba foni iwo n'kungoyankha kuti ali bwino, mawu ali pansi.

Tsiku lina nditabwera kutchuthi ndinawagulira usipa pamsika. Anaununkhiza, n'kuutembenuza ndi chala.

"Iwe, sukulu yonse ija n'kukugulitsa usipa wadzana? Ndipatse mpango wanga, ukandionetse amene wakupusitsayo."

Anatsogola okha, akukalipa msewu wonse kuti ana a masiku ano sadziwa nsomba. Ine ndinali pambuyo ndi kajumbo ka usipa, misozi ili mbwembwembwe, anthu n'kumaganiza kuti ndikulira chifukwa chokalipiridwa.