Tsikani, Hatchiyo Ipume

Elam Pruitt anali wokumba zitsime. Kwathu kuno ku Wyoming ambiri ankamudziwa motero: mdala wosayankhulayankhula, ukamupatsa nyemba amadya, ukamumana sadandaula. Koma achikulire ankaidziwa ntchito yake yakale. Eni ng'ombe akuluakulu akafuna kuthamangitsa alimi ang'onoang'ono m'mbali mwa mtsinje, ankatuma Elam ndi mfuti yake. Ena ankathawa, ena ankakwiriridwa pomwepo.

Mkazi wake anamuuza kuti asankhe, mfuti kapena banja. Chitsirucho chinasankha mfuti. Mayiyo anadzamwalira ndi chifuwa m'nyengo ya chisanu, ndipo amene anakumba manda anali mwana wawo Orpha, akadali kamtsikana, nthaka itauma gwa. Elam uthengawo unamupeza kumowa. Anaitanitsa botolo lina.

Mfutiyo anadzaisiya patapita zaka, popanda m'busa, popanda misozi. Anangoiponya m'chitsime chouma n'kumapita. Mtima sunapepuke, komanso sunalemere. Munthu anangokhala ngati mwendo wochita dzanzi. Ankakumba, kudya, kugona. Chimene chinatsala mwa iye chinali chimodzi: kuponda pakhomo pa Orpha asanafe, ngakhale kamodzi kokha.

Ndiye tsiku lina anakwera hatchi yake yokalamba, ulendo kufamu komwe Orpha anakwatiwa. Anafika dzuwa lili pamutu, n'kuima pabwalo.

Kunotu mlendo satsika pahatchi eni khomo asanamuuze kuti tsikani. Mwambo umenewu ngakhale chigawenga chimaudziwa. Elam anakhala pachishalo n'kudikira.

Woyamba kutuluka anali Hollis, mwamuna wa Orpha, mfuti ili m'manja.

"Mwasochera, madala? Kuno kulibe woti aphedwe lero."

Elam anatsegula jekete mbali zonse ziwiri. M'chiuno munalibe kanthu.

"Ndinasiya," anatero.

"Njoka nayo imafundula," anayankha Hollis, koma mfuti anaitsitsa.

Kenako Orpha anatuluka, manja ali mbuu ndi ufa. Anali wamkulu tsopano, imvi zitayamba. Anawayang'ana bambo ake monga mmene munthu amayang'anira mtengo wa m'mbali mwa msewu.

"Mwanangu," anatero Elam.

Orpha anatenga dengu n'kukayanika zovala. Anadyetsa nkhuku. Anawaza nkhuni, zambiri kuposa zimene ankafunika. Dzuwa linaswa mtengo, thukuta likuyenderera m'khosi mwa Elam, koma iye ali phee. Mawu opepesa amene anakonza m'njira anali atabalalika, ndipo sanavutike kuwatolera.

Hollis zinayamba kumuchititsa manyazi. "Orpha, bwanji ndingowauza atsike? Anthu odutsa atiyesa chiyani?"

"Mukangoyerekeza, mugona ndi nkhumba," anatero Orpha osacheuka.

Dzuwa litapendeka, hatchi inayamba kunjenjemera miyendo. Inaweramitsa mutu, thovu likutuluka kukamwa. Orpha anaima, nkhwangwa ili m'manja, n'kuiyang'ana hatchiyo nthawi yaitali. Kenako anabwera pafupi.

"Amayi anakuitanani mpaka mawu anatha," anatero motsitsa. "Ine ndinkawanamiza kuti muli m'njira."

"Ndikudziwa kuti..."

"Simukudziwa kanthu. Musayankhule." Anagwira chingwe cha hatchi. "Iyi ilibe mlandu. Tsikani, hatchiyo ipume. Ndanena za hatchi, mwamva?"

"Ndamva."

Elam anatsika. Miyendo, itauma tsiku lonse pachishalo, inakana kumunyamula, ndipo anagwa chogwada m'fumbi. Palibe anamudzutsa. Orpha anakoka hatchi kupita nayo kukamwa madzi, akuisisita pakhosi, akuiyankhula mawu okoma amene bambo ake sanawamvepo.

Mdalayo anatsala chogwada, zikhato zili pansi. Pakhomo pa mwana wake anali atapondapo. Ndipo pachifuwa panayamba kumupweteka, kupweteka kwenikweni, koti anachita kudabwa kuti mkati mwake munali mukadali munthu.