Mphatso ya Chinsomba

Mayi oyandikana nafe kuno ku Suva amagwira ntchito kubungwe la boma lofufuza madandaulo. Kokafufuzako salandira kanthu, ngakhale tiyi. Amanyamula wawo m'botolo. Tikamawaseka amangoti, "Ndikadya zawo, ndiwafunsa ndi pakamwa pati?"

Asodzi atadandaula kuti Bambo Rokoua, mwini maboti, akupha nsomba m'madzi oletsedwa, bambowo anafika kwa mayiwa atanyamula chinsomba. Tinadabwa kuona mayi akuchilandira mosekerera.

"Kunona kwakeko! Zoterezi mumazipeza kuti, achimwene?"

"Kuseri kwa miyala kuja, mayi. Kwina konseku n'kutaya nthawi," anadzitama bambowo.

Komatu kuseri kwa miyalako ndiye koletsedwako. Mayi anawabwezera chinsomba chawo mwaulemu, n'kusolola cholembera.

"Tabwerezani pang'onopang'ono, achimwene, ndilembe bwino."