Akazi anga ankaodira pakhomo pawo pomwe

Inu owerenga, ine ndinasandutsa akazi anga mlendo m'nyumba imene njerwa zake anaumba ndi manja awo. Ndinkati ndikusamala bizinesi. Lero ndatsala ndi zipinda zoyala bwino, koma wondifunsa ngati ndadya palibe.

Sukulu ndinaiyamba mochedwa, ndevu zitayamba kale kumera, ana akundiseka m'kalasi. Manyazi amenewo sanandichoke ngakhale nditapeza ntchito ya umesenjala paboma pa Lundazi. Munthu wa tayi akandiyang'ana, ndinkangodziona kuchepa. Nditapuma pantchito, ine ndi akazi anga, aNyaZimba, tinawonjezera zipinda panyumba yathu, m'mbali mwa msewu wa ku Mphamba, kuti tizigoneka alendo. Ankabwera ogula fodya ndi mtedza, nthawi zina aphunzitsi. Ine ndinkakhala pakhonde ndi nyuzipepala, n'kumalandira anthu ndi Chingerezi changa chothyokathyoka. Kuchapa, kusita, kutenthetsa madzi osamba, zonsezo zinali za aNyaZimba. Alendo ankawakonda. Ngakhale wosamva Chitumbuka ankachoka ataphunzira kunena yewo pothokoza.

Kenaka aNyaZimba anayamba kudwala. Miyendo inatupa, chifuwa osawapatsa mpata. Kuchipatala anati ndi mtima, azimwa mankhwala ndi kupumula. Inali nyengo ya fodya, zipinda zonse zodzaza. M'mawa wina mlendo wa galimoto yake anandiuza akumwa tiyi kuti sanagone chifukwa cha kutsokomola, ndipo anafunsa ngati pano ndi pogona alendo kapena ndi pachipatala. Anzake anaseka. Nane ndinaseka nawo, inu owerenga. Ndinaseka.

Tsiku lomwelo ndinachotsa matumba a mtedza m'kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi khitchini, n'kuikamo bedi. Ndinauza akazi anga kuti kumeneko kuli zii, akapumula bwino, ndipo nyengo ikangotha adzabwerera. Sananditsutse. Anangopempha Baibulo lawo ndi kagalasi ka pakhoma. Chipinda chathu ndinachipenta n'kulowetsamo mlendo, ine n'kumagona pasofa pabalaza kuti ndizimva ogogoda.

Patapita masiku, ndikucheza ndi alendo pabalazapo, ndinamva mawu pakhomo: “Odi.” Anali aNyaZimba, atatsamira chitseko, akufuna kudzatenga singano. Ndinawauza kuti asiye nthabwala, alowe. Anayankha mofatsa, ponditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba monga ankachitira nthawi zonse.

“Ndimaopa kusokoneza eni nyumba, awiske Tiwonge.”

Kuyambira tsiku limenelo sanalowenso osaodira. Ankaima panja, akupuma movutikira, mpaka nditayankha. Wanzeru akanamva kuti mawu aja ndi kulira. Ine ndinangozolowera, mpaka ndinayamba kuyankha kuti lowani osakweza ndi mutu womwe panyuzipepala. Fodya anatha, ogula mtedza anafika, ndipo chipinda chathu chija sichinakhalepo chopanda munthu. Tiwonge atabwera kuchokera ku Mwase kumene anakwatiwa, anandifunsa chifukwa chimene amama ake akugonera malo a makoswe. Ndinamuuza kuti za bizinesi sazidziwa. Anabwerera atakwiya, n'kukafotokozera abale a amama akewo.

ANyaZimba anamwalira mvula yoyamba isanagwe, m'kachipinda komweko, masana, ine ndili kumsika kugula mazira a alendo.

Tsiku loika maliro, anthu anati bokosi lilowe kaye m'nyumba, malemu atsanzike pakhomo pawo. Onyamula atafika pachitseko, mlamu wanga, mkulu wawo wa malemu, anawaimitsa ndi dzanja. Anaima patsogolo pa bokosi n'kundiyang'ana.

“Odi,” anatero. Azimayi analeka kuimba. “Odi kuno, alamu. Mng'ono wanga akupempha kulowa. Kapena zipinda n'zodzaza?”

Mawu amene ndinkayankha tsiku ndi tsiku osaganiza anandikanika pamaso pa mudzi wonse. Amene anayankha ndi Tiwonge, akulira, m'Chitumbuka, kuwauza amama ake kuti alowe, nyumba ndi yawo. Bokosi linandidutsa ndili chiimire.

Alendo ndikulandirabe, chifukwa ndikatseka ndidzakhala ndi ndani? Ndaphunzira kuchapa ndi kusita, ndipo msana wandiuza ntchito imene ndinkaionera pakhonde. Chipinda chathu sindigonekamonso munthu, ngakhale alendo abwerere pakhomo. Nanenso sindigonamo, ndimachiopa. Ndimagona kuseri kuja. Ndi kumene ndinadziwira kuti zenera lake silitsekeka bwino, mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa, ndipo anthu akamaseka pabalaza zonse zimamveka. Ndiye kuti kuseka kwanga ankakumva. Alendo akale akafika amafunsa kuti amama ali kuti. Ndimangoloza kumanda, zina sindinena. Tiwonge amabwera, amandiphikira, koma pakhomo pa kachipindako sayang'anapo.

Inu amene mwapuma pantchito ndipo mukufuna kugoneka alendo panyumba, chitani, ndi ntchito yabwino. Koma mlendo amagona n'kupita, ndipo amene anandiseketsa uja sanabwerenso, ngakhale pamaliro. Musachite manyazi ndi munthu amene anakupirirani musanadziwe kulemba dzina lanu. Akadwala, kutsokomola kwake kuzimveka pafupi ndi khutu lanu, amene sakufuna akagone kwina. Ndipo mukadzamva wa m'nyumba mwanu akuodira, musayankhe muli pampando. Imirirani, mukamugwire dzanja, mumufunse kuti mwamulakwira chiyani.

Ine masiku ano mayi aliyense akangoti odi pakhomo, ndimadzuka msanga ndi miyendo yanga yokalambayi, n'kuthamangira kukatsegula. Koma amene amalowa si iwo.