Akazi Saponya Madadu

Masewerowo anafika pakhomo pathu m'katoni ya sopo. Anatisiyira ndi mzungu wina amene anadzathandiza ku mishoni ya Fonte Boa kwa chaka chimodzi, pochoka n'kuona kuti katundu wamuchulukira. M'katonimo munali buku lonenepa lachingerezi, mapu, tizidole tapulasitiki, ndi timiyala ta manambala timene kuno timati madadu. Panali limodzi lobiriwira la mbali makumi awiri, loti ukaliponya silinkachedwa kugubudukira pansi pa mpando.

Katoniyo inagwera amuna anga chifukwa m'mudzi monse ndi iwo okha ankadziwa Chingerezi. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza, ndipo sukulu anaphunzira komweko. Ine ndinakulira kwa azakhali ku Tete. Chipwitikizi ndimachidziwa mpaka ndimaphunzitsa nacho ana, koma Chingerezi sindichitola n'kamodzi komwe.

Kaseweredwe kake kanali kotere. Amuna anga ankakhala kumutu kwa tebulo, buku lili patsogolo, n'kumafotokoza za dziko limene kulibe, la mapanga, nkhalango ndi njoka zamapiko. Anzawo atatu aliyense anali ndi munthu wake wolembedwa papepala: wina wankhondo, wina mbala, wina wamatsenga. Munthu wako akafuna kulumpha mtsinje kapena kubaya chilombo unkaponya dadu, nambala n'kunena ngati watha kapena wagwa. Ankasewera Lamulungu lililonse tikachokera ku Misa, pakhonde, mpaka dzuwa litapendeka. Amuna a ndevu zawo, mmodzi katekisita, wina kalaliki wa ku Ulongwe, wina mlimi wa kachewere, ankachita kutukusira mitsempha ya m'khosi kulimbirana njoka yoti palibe anaionapo.

Ndimawaseka lero, koma ine ndemwe ndinakopeka tsiku loyamba lomwelo. Ndinkakhala pakhomo ndi lichero la nyemba, manja akusankha, makutu ali kutebulo. Lamulungu lachitatu ndinalimba mtima.

"Nanenso mundilembere munthu wanga," ndinatero.

Amuna anga sanaseke, sanakalipe. Anatsegula buku lija, anatembenuza masamba angapo, n'kuika chala pamzere wina. Anawerenga m'Chingerezi pang'onopang'ono, kenako anamasulira.

"Apa akuti akazi saloledwa kugwira madadu. M'dziko la m'bukuli akazi amatsala kumudzi. Si ine, mayi, ndi buku."

Ndinakhulupirira. Musandione kupusa. Ndinaleredwa ndi masisitere amene anatiphunzitsa kuti cholembedwa m'buku suchita nacho makani. Komanso malo oletsa akazi ndinali nditawazolowera kale: kudambwe sitipondako, manda sitikumba, Misa sititsogolera. Kuwonjezerapo tebulo limodzi sikunandidabwitse. Ndiponso chala chija ndinachiona ndi maso angawa chili pamzere.

Ndinakhala pakhomopo zaka khumi ndi zinayi. Malamulo ndinawadziwa kuposa eni akewo. Ndinkadziwa kuti chitseko chachilendo sutsegula usanayang'ane msampha, koma akatekisita ankaiwala sabata ndi sabata. Akafuna kulakwitsa ndinkatsokomola, iwo n'kubweza dzanja. Munthu wawo anakhala moyo zaka zonsezo chifukwa cha chifuwa changa. M'mutu mwanga ndinalinso ndi munthu wangawanga, mayi wamfupi wodziwa mankhwala ndi njira za m'phiri, ndipo aliyense akamagwa m'dzenje ndinkadziuza kuti wangayo akanazungulira. Sindinauzepo munthu za mayi ameneyo.

Chaka chatha m'nyengo yozizira, akalaliki anafika panjinga yamoto ali wefuwefu. Anati azungu apanga kanema kuchokera m'masewero awo aja, ndipo Loweruka masana akaonetsa m'nyumba ya kanema kuseri kwa msika ku Ulongwe. Amuna anayiwo anagwirizana kuti atenge akazi awo. "Kuti mukaone zimene takhala tikuchita," anatero amuna anga, ngati kuti ine ndinkakhala kutali ku Lifidzi nthawi yonseyo.

Anavala majekete ngati akupita kuukwati. Tinakwera shapa, kabasi kathu kodzaza mpaka pakhomo, ndipo njira yonse ankafotokozera anthu osawafunsa kuti iwo nkhaniyi amaidziwa kuyambira kale.

Nyumba ya kanemayo inali yamalata, mazenera atatsekedwa ndi matumba a feteleza kuti mude. Munadzaza anthu pamabenchi: ana a sekondale, okwera njinga zonyamula anthu, amayi ogulitsa tomato amene anasiyira anzawo malonda. Mawu achizungu anali otsitsidwa, pamwamba pake munthu wina wa ku Malawi akumasulira m'Chichewa n'kumathiramo zakezake. Nkhani yake inali ya anthu asanu opita pansi pa phiri kukalanda belu la mudzi wawo limene linabedwa ndi njoka yamapiko.

Njokayo itangotulukira, benchi lakutsogolo linagwa chagada. Mayi wina wa tomato anachita chizindikiro cha mtanda n'kufunda chitenje kumutu, koma ankasuzumira pakabowo. Ana a sekondale ankalangiza anthu a m'kanemawo mokuwa. "Kumbuyo kwakoko, iwe! Epa, wafa ameneyo!" Anthu anasangalala zedi, kupatula amuna anayi a majekete.

"Nanga madadu ali kuti?" anafunsa mlimi wa kachewere mokweza. "Munthu angalumphe bwanji chigwa chonsecho osaponya?"

"Wamatsenga savala choncho," anadandaula akatekisita. "Atinamiza awa."

Akalaliki anakwiya ndi nkhalango. Anati yawo inali yamitengo ya masuku ndi nkhungu ngati ya kuno, osati imeneyo. Anthu akumbuyo anawakalipira kuti ngati akudziwa kwambiri akapange yawo.

Ine changa chinali china. Wotsogolera gulu lija anali mkazi. Mayi wamkulu ndithu, waimvi, wa chipsera patsaya, atagwira mkondo. Amuna anayi a m'kanemamo ankamva zonena iye. Pamene anabaya njoka ija pakhosi, amayi a tomato anaimirira n'kuimba nthungululu mpaka malata ananjenjemera. Ndipo ine, mphunzitsi wathunthu, ndinaweramira kwa amuna anga n'kuwanong'oneza mowamvera chisoni.

"Akuwonongerani masewero. Aikamo mkazi pomwe buku limakana."

Sanandiyang'ane. Anangoti, "Khalani chete tionere."

Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero, angawo osati awowo. Ndinkateteza bodza lawo ndi mtima wanga wonse.

Kanema atatha anthu anayamba kutuluka, koma mwini nyumbayo anachedwa kuzimitsa, ndipo panabwera kachigawo kena kowonjezera. Kanaonetsa anthu amene anapanga kanemayo atakhala patebulo, ovala wamba, akusewera. Patebulopo panali buku lomwe lija, chithunzi chapachikuto chomwecho chimene ndakhala ndikuchipukuta fumbi m'nyumba mwanga. Pa anthu asanu ndi mmodzi, atatu anali akazi. Wokhala kumutu kwa tebulo, wogwira buku, anali mkazi. Anatenga dadu la mbali makumi awiri, analiuzira mpweya, n'kuliponya akuseka. Womasulira uja anati, "Mayi awa akuti anayamba kusewera ali kamtsikana, anawaphunzitsa ndi amayi awo."

Choyamba kundibwerera sichinali nkhope ya amuna anga ayi, koma dzanja la mwana wanga wamkazi, yemwe pano ndi namwino ku Tete. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, dadu lobiriwira lija linagwera pafupi ndi phazi lake. Analitola, maso akuwala, n'kukweza dzanja kuti aliponye patebulo. Ndinamumenya padzanjapo mpaka dadu linagwa. Ndinamuuza kuti buku limaletsa, ndipo asadzayambirenso. Sanalire, anangolowa m'nyumba.

Ndinatembenuka kuyang'ana amuna a majekete aja. Akatekisita anali kukamwa yasa, ndipo ndinadziwa kuti nawonso ananamizidwa. Akalaliki ankayang'ana nsapato zawo. Amuna anga anali ataimirira kale, akufunafuna chipewa chimene chinali m'manja mwawo.

M'shapa sindinalankhule, chifukwa nkhani za m'nyumba sitiyanika pamaso pa anthu. Titatsika pamphambano, anzathu anapatuka, ife awiri n'kutsata kanjira ka m'minda ya kachewere. Dzuwa linali lidakalipo koma mphepo inkaluma.

"Bambo," ndinatero, "mzere uja munaikapo chala unkanena chiyani?"

"Mzere uti?"

"Umene munandiwerengera. Woti akazi sagwira madadu."

Anapitiriza kuyenda. Ndinkadikira kuti apepese, kapena akane, kapena anene kuti ankaopa kusekedwa ndi anzawo. Chilichonse mwa zimenezi ndikanachilandira, ndikanakalipa n'kutha. Koma anaima n'kundiyang'ana modabwa, kudabwa kwenikweni kosanamizira.

"Kodi ndinanena choncho ine?"

"Munanena. Lamulungu lachitatu."

"Aaa, mwina ndinkangofuna kuti tiyi asachedwe," anatero akuseka pang'ono. "Inunso mayi, nkhani yakalekale imeneyo? Si masewero chabe? Pronto, basi, Lamulungu likubwerali mudzakhale nafe."

Ndinapsa mtima. Bodza limene ine ndinalimvera zaka khumi ndi zinayi, mwini wake analiiwala tsiku lomwelo. Sanalisunge n'komwe. Ndinalisunga ndine, ndinalilera ndine, n'kumawawiritsira tiyi pamwamba pake. Ndinawasiya pamenepo ndi chipewa chawo, ine n'kutsogola.

Lamulungu anaikadi mpando wachisanu pakhonde, ndi pepala loyera ndi pensulo. Akatekisita anandiitana mwaulemu kawiri konse. Sindinapite, ndipo tiyi sindinawiritse. Ndinatenga foni n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene mafoni amagwira bwino, kukaimbira mwana wanga. Ndinkafuna amve kuchokera kwa ine kuti tonse awiri tinanamizidwa.

Ndinamufotokozera zonse, za mayi waimvi uja, za tebulo, za yankho la bambo ake. Anamvetsera osandidula.

"Amama, ine ndinkadziwa," anatero.

"Unkadziwa bwanji?"

"Titayamba Chingerezi ku sekondale ndinkalitenga bukulo inu muli kumunda. Ndinaliwerenga lonse, ndi dikishonale. Mulibe mzere wotero. Muli ngakhale zithunzi za akazi a mikondo, chakumapeto."

Chakumapeto sindinafikeko. Ndinkangopukuta chikuto.

"Nanga bwanji sunandiuze, mwanawe? Zaka zonsezi ukundiona pakhomo paja ndi lichero?"

Ndinamva akupuma. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la galimoto za ku Tete.

"Ababa sanandiletsepo ine," anatero motsitsa mawu. "Munandimenya ndinu. Ndinkayesa lamulolo ndi lanu."